BANJO YA CHIGUBU SI CHIDOLE

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Benga, ku Chia mpaka ku boma, ndi inu muli ku Joni amene mumadandaula kuti ndimakuthetserani bandulo, pepani, ya lero ndi yaitalinso. Muwerenge mukamaliza kuyanika usipa.

Mwezi wa Julayi ndinali ku Likoma. Osati kokayenda ayi, ine ndi holide tinadziwana liti? Bwana wina wa maboti anandiitana kuti injini yake ya 40 ikumazima ikangotentha. Ntchito inatha tsiku lachiwiri. Vuto linali koyilo, osati kabureta monga ankalimbikira anyamata ake. Koma ku Likoma suchoka tsiku lomwe wafuna. Mwera unali utalusa, boti laling'ono sindikanayerekeza dala, ndiye ndinangoti ndidikire Ilala. Masiku anayi ndili pa chilumba, manja lende.

Ndinayenda ndithu. Ndinakalowa mu tchalitchi chachikulu chija cha St Peter's chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Umaima pakhomo n'kumadzifunsa kuti chinthu chotere anachimanga bwanji pakati pa nyanja, nthawi yoti kunalibe ngakhale injini ya 15. Ndinaona milambe ikuluikulu ili mbwee, ndipo madzulo mapiri a ku Mozambique amaoneka pafupi ngati ungapalase bwato n'kukagula fodya ku Cobue n'kubwerako nsima isanapse. Enafe tabadwira pa nyanja yomweyi koma Likoma timangoimva pa wailesi. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pa tchalitchi pomwepo ndinakumana ndi mayi wina wachizungu ndi mwamuna wake. Mayiyo anali atakolekera kachikwama kumsana, mkati muli kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi. Dzina lake ukulele. Anati anakagula ali pa holide ku Hawaii, zilumba za pakati pa nyanja ya Pacific, ndipo chilumba chilichonse chimene wafika amafuna agule choimbira cha kumeneko. Anandipempha ndiwaperekeze. Ine ndi Chingerezi changa cha Fomu 4 ndinavomera msangamsanga.

Tinayamba kwa ogulitsa ziboliboli. Timagitala tinalipo, topaka utoto bwino, tolembedwa dzina la dziko lathu, tina tojambulidwa chambo. Mayi uja anatenga kamodzi, kukhudza nsambo, phwa. Kupotokola chikhomo kuti achune, chikhomo chikungozungulira ngati pulopela yothyoka pini. Anabweza mwaulemu. Kachiwiri chimodzimodzi. Kenako anandifunsa funso limene linandilasa: kodi kuno kulibe anthu oimba?

Ndinafunsafunsa, ana anatilondolera kwa madala ena amene amasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango. Iwowo anatulutsa banjo yawo. Chigubu cha oyilo cha malita asanu, chakuda ndi utsi, khosi la mtengo losalala chifukwa cha manja, nsambo za waya wa buleki ya njinga. Yosaoneka bwino n'komwe. Koma atangoikhudza, anthu anayamba kutuluka m'nyumba. Amayi ena anasiya mbale pa chitsime n'kuyamba kuvina. Mzungu uja anatulutsa ukulele wake n'kumatsatira, ndipo zinagwirizana ngati anakulira mudzi umodzi.

Tsono apa ndi pamene pali mlandu wanga. Mayiyo anafunsa mtengo. Madala anaganiza kaye, kenako anati K20,000. Ine, pofuna kuoneka wochenjera pamaso pa alendo, ndinati, "Agogo, chigubu chomwechi? Tsitsaniko, alendowa angatione ngati akuba." Anandiyang'ana nati, "Mwanawe, wanena ndiwe." Inapita pa K12,000. Ndalama yosakwana ngakhale malita asanu a petulo. Mlendo sanapemphe kuti atsitsiridwe. Ndinatsitsa ndine.

Mawa lake madzulo ndinadutsanso pomwepo. Madala ali pa ukonde wawo, pamudzi pali zii. Kamdzukulu kawo kanandiloza chala n'kunena kuti, "Awa ndi amene anatengetsa banjo ya agogo." Ndinafunsa ngati apanga ina. Anati maso anayamba kuchita chifunga, ndipo amene ankawathandiza kuika mawaya a pakhosi anamwalira kalekale. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Pa Ilala pobwerera ndinakumananso ndi alendo aja, ndipo mayiyo anandifotokozera mbiri ya kagitala kake. Nditafika pa netiweki ndinawerenganso ndekha. Imvani izi. Ukulele sunayambire ku Hawaii. Mu 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag inafika ku Honolulu itanyamula Apwitikizi a pa chilumba cha Madeira, anthu osauka obwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Inde, nzimbe, ngati abale athu a ku Dwangwa. Pakati pawo panali akalipentala atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo. Iwowa anayamba kupanga timagitala ta kwawo pogwiritsa ntchito mtengo wa ku Hawaii wotchedwa koa. Eni dziko anatikonda, n'kutipatsa dzina limene ambiri amalimasulira kuti utitiri wodumpha, poona mmene zala zimadumphira pa nsambo. Mfumu yawo Kalakaua inkaitana oimba ukulele ku nyumba yachifumu. Mu 1916 banja la Kamaka linatsegula malo opangira ukulele ku Honolulu, ndipo mpaka lero likupangabe. Alendo amapita kukaona mmene amapangira, ndipo ukulele wabwino wa kumeneko umapitirira madola 1,000.

Choimbira cha anthu odula nzimbe chimenecho. Kusiyana kwake ndi banjo yathu n'kotani? Nsambo zinayi, bokosi laling'ono, kulowa m'chikwama. Nsambo zambiri za ukulele ndi pulasitiki wa mtundu womwewo wa chingwe cha mbedza chimene chili m'bwato la bambo anga. Kusiyana ndi kwakuti iwo anachilemekeza, ife timati ndi zoseweretsa ana osapita ku sukulu.

Chonsecho umboni tili nawo. Allan Namoko, munthu wosaona wa ku Thyolo, anagwedeza dziko lino ndi banjo pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band, ndipo nyimbo zake zikulirabe m'mabawa. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, pa nyanja yathu yomweyi, amaimba babatoni wa nsambo imodzi, chikopa cha ng'ombe, kamtengo ndi botolo la mowa, ndipo wakaimba ku Ulaya. Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe. Mu 2017 anakwera ndege kupita ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kuchoka apo mayiko akunja akhala akuwalimbirana. Yobu babatoni wake amapanga yekha. Anthu akunja salipira tikiti kuti akaone gitala ya m'sitolo, imeneyo ali nayo kwawo yambirimbiri. Amafuna kulira kuja kwa chigubu ndi chikopa.

Ndikudziwa ena muyankha kuti, iwe makaniko, munthu ali ndi njala usamuuze zosunga chikhalidwe. Zoona. Nanenso usipa ukasowa injini sizibwera, ndimagona ndi madzi. Sindikunena kuti tisamagulitse. Ndikuti tizigulitsa, kwambirinso. Chimene ndikukana ndi zinthu ziwiri.

Choyamba ndi timagitala tabodza tija. Mlendo akagula kosalira amakakapachika pakhoma, mwina kukataya pa bwalo la ndege, ndipo sauza mnzake. Akagula kolira amakaimba kwawo, anzake amafunsa kuti wakatenga kuti, ndiye kuti watitsatsira malonda ulere. Inu osema, luso muli nalo, chambo mumachijambula mpaka mamba. Chimene chikusowa ndi muyezo basi. Ndakhala ndikuyesa ku shedi kwanga kuno kwa Mwadzama chibwerereni, ndaononga zigubu zitatu, ndipo ndaphunzirapo izi. Mtengo wa khosi uzidutsa mkati mwa chigubu mpaka kutulukira kumbuyo, apo ayi nsambo zikakoka chigubu chimapindika ndipo chuni chimathawa. Mtengowo ukhale wouma, osati wodula dzulo. Zikhomo zikhale zosongoka pang'ono ngati shafuti ya fulayiwilo kuti zizigwira zikamalowa. Ndipo waya wa nambala 12 pakhosi akhale pakatikati penipeni pa kutalika kwa nsambo, kuchokera pamene yagona kumutu kufika pa kamtengo kamene yatsamira pa chigubu. Mukaphonya pamenepo, ngakhale mupake utoto wa golide, izingolira ngati mbuzi yomangidwa. Tepi muyezo ndi yotchipa kuposa utoto.

Chachiwiri ndi chimene ndinachita ine, kugulitsa banjo yomaliza ya pamudzi pa mtengo wa tomato wamadzulo. Madala aja sanagulitse chigubu ayi. Anagulitsa zaka zonse zimene manja awo anasalaza khosi lija, ndipo ine ndinawerengera chigubu chokha. Ineyo munthu akabwera ndi injini sindimulipiritsa mtengo wa sipanala, ndimamulipiritsa kudziwa pomasula. Nanga kwa agogo aja ndinaiwala bwanji? Anyamata amene mumaperekeza alendo, pa Chia pogula nsomba, m'malo ogona alendo, kaya opita kukaona njovu ku nkhalango yathu ya Nkhotakota, ntchito yanu ndi kumasulira mawu. Mwini katundu akatchula mtengo, nenani momwemo. Mlendo ali ndi pakamwa pake.

Ndipo tisamati alendo kuno safika. Mu 2024 Lake of Stars inachitikira konkuno ku Nkhotakota, oimba ndi okonda nyimbo ochokera m'mayiko osiyanasiyana anadzaza gombe. Ndani wa ife anaima pa msewu wa M5 ndi mabanjo khumi olira bwino, iye mwini akuimba imodzi? Ine ndinali pa shedi, ndikutaya zigubu kudzala.

Pano ndasiya kutaya. Kuseri kwa shedi kuli zigubu 14 zotsuka kale ndi petulo ndi sopo, ndi mawaya a buleki amene ndapempha kwa okonza njinga za kabaza. Amene akudziwa gogo woimba banjo, bangwe kapena kaligo m'midzi yathu ino andiuze, ndikawatenga ndekha pa njinga yamoto. Loweruka masana injini zikachepa tizikhala nawo pamodzi ndi ana ofuna kuphunzira, iwo azitiuza za khutu, ine ndizigwira tepi ndi dirilo. Ya nambala 4 ija yayamba kulira ndithu, ngakhale nsambo yachitatu ikumathawabe. Ikakhazikika ndikaikweza Ilala, pamodzi ndi K8,000 ija, ipite kwa eni ake pansi pa mtengo wa mango.

Tumizani ku magulu a asodzi ndi osema ziboliboli.