Mpanda Usafike M'madzi

Aliyense amene adayesapo kuyenda pansi m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, makamaka m'magombe ena a ku Mangochi ndi ku Salima, akudziwa kuti ulendowo suchedwa kuduka. Munthu amayenda pamchenga kamtunda pang'ono, kenaka amangoona khoma la njerwa kapena waya waminga wotsetsereka kuchokera kumtunda mpaka kulowa m'madzi. Pakhomapo pamakhala chikwangwani cha m'Chingerezi, ndipo kuseri kwake kuli mlonda ndi chibonga m'manja. Woyendayo ayenera kusankha pakati pa kulowa m'madzi ofika m'chiuno ndi kubwerera kumtunda kukazungulira kumsewu. Ine mchitidwe umenewu ndimautcha kulanda, ndipo ndikuti uthe.

Tiyambe ndi funso loti: chidayamba n'chiyani pagombe, njira kapena khoma? Pamene amishoni a ku Scotland adakocheza sitima yawo ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, adapeza anthu akuwedza, akutunga madzi ndi kuyenderana m'mbali mwa nyanjayi. Njira ya m'gombe adaiponda ndi asodzi okoka makoka, amayi osenza mitsuko ndi apaulendo opita kumaliro kumudzi wina. Mpaka lero, kumpoto kwa Nkhata Bay, cha ku Usisya ndi ku Ruarwe, kumene mapiri amatsetsereka mpaka m'madzi, anthu ambiri amadalira bwato ndi kanjira ka m'matanthwe. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amanena kuti nthaka yonse ya Malawi ili m'manja mwa dziko, ndiponso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu woyenda m'dziko muno. Nanga munthu mmodzi, chifukwa choti ali ndi ndalama zogulira simenti, mphamvu zodula njira ya makolo amazitenga kuti?

Khoma limalandanso maphunziro. Gombe ndi kalasi imene mphunzitsi sangaijambule pabolodi. Amene ayenda pang'onopang'ono kuchokera pamchenga wa pa Chembe kulowera kumatanthwe a ku Otter Point amaona nthaka ikusintha pansi pa mapazi ake. Akagwada pamwala n'kusuzumira m'madzi, amaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timadya ndere zomera pamiyala. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa, kenaka tiana toswedwamo, kwa milungu pafupifupi 3. Tinsombati sitikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho mbuna za pamatanthwe ena zimakhala zokhazokha kwa zaka zosawerengeka mpaka maonekedwe ake amasiyana ndi a zinzake za tsidya lina la mchengawo. N'chifukwa cha nsomba zoterezi kuti boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga mwana wa Mmalawi adekha bwanji pamwala mlonda akumuthamangitsa?

Eni makomawa ali ndi zifukwa zawo, ndipo n'koyenera kuzimva. Amati mahotela ndi nyumba zogona alendo zimabweretsa ndalama zakunja ndi ntchito. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti alendo aleke kubwera. Komatu mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iye amakhala masiku 5 n'kukwera ndege, pamene mayi wa pamudzipo adzatunga madzi m'nyanjamo moyo wake wonse. Kodi n'chilungamo kuti mayiyu azitalikitsa ulendo tsiku ndi tsiku kuti mlendo asaone mtsuko? Ndiponso ndani adanena kuti mlendo amadana n'kuona bwato likukocheza kapena usipa uli pathandala? Ambiri amalipira ndalama zawo kuti adzaone zomwezo.

Amatinso anthu akaloledwa kudutsa amaba, amavutitsa alendo ndi malonda, amataya mapepala apulasitiki ndi kudzithandiza pamchenga. Apa tisakane: uve ulipodi m'magombe mwathu, ndipo umafalitsa likodzo ndi kolera. Koma mankhwala a wakuba ndi apolisi ndi khoti, mankhwala a uve ndi zimbudzi, nkhuti za zinyalala ndi malamulo a mfumu. Mwini hotela atchinge zipinda zake, khitchini yake ndi magalimoto a alendo ake monga afunira. Chimene tikukana n'chakuti alange mudzi wonse chifukwa cha wakuba mmodzi. Kuteteza kwenikweni kuli ngati kwa paki ija, kumene usodzi ndi woletsedwa m'madzi a mamita 100 kuchokera kugombe pofuna kusungira mtundu wonse nsomba. Khoma la munthu limasungira mwini wake yekha.

Chodabwitsa n'chakuti maiko ena kumene alendowa amachokera adaithetsa kale nkhaniyi. Ku Wales, m'chaka cha 2012, adatsegula njira ya oyenda pansi yotsata gombe la dzikolo, yotalika makilomita pafupifupi 1,400. Nyanja ya kumeneko ndi yamchere, ndipo kawiri pa tsiku madzi ake amaphwa n'kusiya timaiwe m'matanthwe, momwe ana a sukulu amasuzumiramo nkhanu, nkhono ndi tinsomba. Ku Scotland, kwawo kwa amishoni aja, lamulo la 2003 limalola munthu kuyenda m'malo ambiri a eni ake malinga asaononge kanthu. Maiko amenewa ali ndi mahotela oposa athu, ndipo mahotelawo sadagwe chifukwa cha oyenda pansi. Nyanja yathu, yotalika makilomita pafupifupi 580, ikadatha kukhala ndi njira yotere, yopatsa ntchito achinyamata olondolera alendo ndi amayi ophika m'midzi.

Nayo nyanja ili ndi mawu ake pankhaniyi. M'chaka cha 2024 madzi adakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba zambiri zimene zidamangidwa pafupi ndi madzi. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Amene amanga pomwe mafunde a mwera amafika amadziputira tsoka yekha, ndipo mpata womwewo umene tikupempha kuti usiyidwe kwa oyenda pansi ukadateteza chuma chake.

Tsono tichitenji? Makhonsolo a m'maboma a kunyanja asavomereze pulani ya nyumba imene mpanda wake ukufika m'madzi, ndipo mipanda yotere imene ilipo kale ibwezedwe kumtunda. Mafumu asagawe gombe ngati akugawa dimba, pakuti amene sadabadwe nawonso ali ndi gawo pamchengapo. Ndipo inu ophunzira, ena mwa inu mawa mudzakhala maloya, oyeza malo ndi aphungu. Ena mudzalemera n'kufuna kumanga kunyanja. Musanafike pamenepo, pemphani aphunzitsi anu akutengereni kugombe, muyende ndi mapazi anu kuchokera pamchenga kufika pamatanthwe, mutole zinyalala zimene mwapeza, ndipo muwerenge makoma amene akutsekerani njira. Mukabwerako, lemberani kalata khansala ndi phungu wa deralo, muwauze chiwerengero cha makomawo ndi malo amene ali.