M'mera mpoyamba

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Ankanena za mbewu, koma tsiku nalonso limamera, ndipo limamera m'bandakucha.

Pitani ku Chikwawa kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala, komwe kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Tambala wachiwiri akamalira, khasu lili kale paphewa. Dzuwa likamati tsuu cha m'ma 5 koloko, munthu wagalauza kale mizere ingapo. Ikamakwana 10 ali pansi pa mtengo, thukuta lauma, akumwa thobwa. Kutong'ola chimanga, kuluka mphasa, kukhwimitsa mpini, zonsezo amazisiyira masana pamthunzi. Mlimi sadalakwitsepo pamenepa: ntchito yolemetsa amaipatsa nthawi imene thupi lili ndi mphamvu.

Ife a m'tauni kudzuka timadzukabe m'mamawa, nanga minibasi idikira ndani? Vuto ndi zimene timachita tikadzuka. Tisanasukusule n'komwe, dzanja lagwira foni. Gulu la WhatsApp la kumpingo, la zopereka za maliro kumudzi, la anzathu a ku sekondale, kenako mkangano wa Bullets ndi Wanderers pa Facebook. Ola lathunthu lapita, mutu wadzaza nkhani za eni. Kuwerengera mpamba wa geni, kulemba lipoti, masamu a MSCE, zonse zofuna mutu wozizira tazikankhira madzulo, pamene maso akulemera, mwinanso magetsi azima. Ndi chimodzimodzi kutong'ola chimanga m'mawa n'kukagalauza dzuwa lili paliwombo.

Ine ndemwe ndidagwamo. Chidandithandiza ndi mwambi wina uja, wakuti nkhanga zidapangana kusanache. Usiku ndimasankha ntchito imodzi yokha, n'kuyala pepala ndi cholembera patebulo, foni n'kuisiya pabalaza. Ndimagonanso msanga, chifukwa wogona 12 koloko n'kudzuka 4 akungodzinamiza. Tulo timeneto tidzamupeza pa desiki.

Koma tisanamizane, m'mawa sugawidwa mofanana m'nyumba zathu. Mnyamata wa Fomu 4 akatsegula buku, mlongo wake wa kalasi yomweyo ali ndi ndowa pamzere wa kumjigo, akabwerako asese pabwalo, akoleze mbaula, aphike phala. Mayeso a MANEB adzalemba tsiku limodzi, pepala limodzi. Bambo amene mumanyadira kuti mwana wanu amalawirira kuwerenga, mawa 5 koloko tasuzumirani panja muone amene wanyamula tsache.