Njinga ya bambo ikungodya mabatire

Zikomo Malume,

Ndine mayi wa zaka 26, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Chaka chatha ndidatenga ngongole ku banki m'khonde n'kuwagulira amuna anga njinga yamoto kuti azichita kabaza. Vuto ndi loti m'mawa njingayo imakana kulira. Akadina batani imangoti "tcha, tcha" basi, mpaka aponde kiki ndiye ilire. Agula mabatire awiri m'miyezi isanu, ndipo pano makaniko wina wawauza kuti agule sitata yatsopano. Ndalama yake akufuna atape pa fizi ya mwana. Ndikafunsa amati za njinga mkazi sangazidziwe. Ndayamba kukayika, mwina ndalamazi zikupita kwina. Ndithandizeni.

Wodandaula, Lunzu.

Mayi Wodandaula,

Musafulumire kuwaganizira zoipa bambowo, zomwe mwalembazi ndi matenda odziwika a njinga. Koma fizi ya mwana isakhudzidwe kaye, chifukwa ine sitatayo sindikuikayikira kwenikweni.

Ngati njinga ikulira akaponda kiki, ndiye kuti injini, pulagi ndi mafuta zili bwino. Vuto lili panjira ya moto wochoka kubatire kupita kusitata. Kaphokoso ka "tcha" kaja kamachokera pa kachipangizo kotchedwa relay, ndipo kakutiuza kuti batani likugwira ntchito, koma moto wokwanira kuzunguza injini sukufika.

Mawa mulawire nawo. Atsekule kiyi, aimbe hutala, kenako adine batani inu mukuyang'ana nyali. Hutala akamveka mofooka, nyali n'kuzilala, batire yafooka kapena mitu yake yakhwefuka. Amasule mawaya, apale dzimbiri ndi zoyerayera zija ndi sandipepala, amangenso zolimba. Asaiwale waya wa earth womwe umamangidwa pa chitsulo cha njinga. Izi sizilira ndalama ayi.

Koma pomwe pandiimitsa mutu ndi pa mabatire awiriwo. Batire yatsopano ikafa m'miyezi iwiri, nthawi zambiri ndiye kuti njinga siikuitchaja bwino. Apite kwa makaniko yemwe ali ndi mita yoyezera moto. Injini ili chozima, batire yodzaza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Injini ikalira n'kuonjezerako moto pang'ono, mita ikwere kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12 pomwepo, wolakwa ndi rectifier, koyilo yotchajira kapena mawaya ake. Ikapitirira 15, batire ikupsa ndi moto wochuluka. Zikatere ngakhale mutagula mabatire khumi onse adzathera komweko. Ndipo anyamata akabaza inu, masipika, tinyali tamitundumitundu ndi zotchajira foni zomwe mumakolowekazo zimadya moto wa batire yomweyo!

Batire ikapezeka kuti ili bwino, hutala akulira mwamphamvu, koma "tcha" uja osatha, apo ndiye tiyang'ane relay ndi sitata. Nthawi zambiri m'sitata mumatha timakaboni tating'ono, ndipo timagulidwa patokha pamtengo wotsika kusiyana ndi sitata yonse. Wina aigogode pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva pamene bambo adina batani. Ikazungulira, makaboniwo ndiwo atha. Sitata ikamangozungulira yokha "wiii" injini osatembenuka, ndiye kuti kilachi yake yatha, imeneyo n'nkhani ina.

Tsiku lina ikadzangoti zii osamveka kalikonse, aone switchi yofiira ya pahandulo ndi fyuzi. Fyuzi ikapsa agule ina yofanana nayo, zoikapo waya wamba zimayatsa njinga. Komanso asamakanikize batani kupitirira masekondi asanu, sitata imatentha n'kupsa.

Tsono zoti mkazi sangadziwe za njinga, bambo mwalakwitsa. Ngongole ili m'dzina la mayiwa, ndipo ikalephereka amene adzachite manyazi pagulu ndi iwowa. Inunso mayi, nkhaniyi muiyambe mofatsa ana atagona, osati m'mawa njinga itakana. Kwa makaniko mupitire limodzi, muone ndi maso anu zomwe mita ikuonetsa. Chilichonse chomwe chasinthidwa akupatseni chakalecho pamodzi ndi lisiti. Makaniko akakana kuyeza n'kumangoti gulani sitata, pitani kwa wina. Podikira zimenezi, bambo aziponda kiki, ndipo m'mawa kukazizira azikoka choki kaye.

Malume.