Bwanji Malawi sayeza mungu wouluka mumpweya?

Chimanga chikamasula ngayaye m'mapiri a Mvera ku Dowa, kawirikawiri mu Januwale ndi Febuluwale, mlimi amayamba kuwerengera zokolola. Kwa wodwala mphumu, iyi imatha kukhala nyengo ya mavuto, chifukwa udzu wa m'tchire nawo umamwaza mungu wochuluka kufikira mvula itasiya.

Mungu ndi kaufa kosalala komwe zomera zimatulutsa kuti zibereke. Ukalowa m'mphuno, matupi a anthu ena amalimbana nawo ngati mdani. Zotsatira zake ndi kuyetsemula, kuyabwa kwa maso, kutsekeka kwa mphuno ndi kubanika. Ambiri amangoti ndi chimfine, n'kukagula mankhwala pagolosale.

Vutoli si lachibwana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni ankadwala mphumu ndipo 455,000 adamwalira nayo. Mu Novembala 2016, mvula ya mabingu idaphwanya mungu wa udzu mumzinda wa Melbourne ku Australia. Anthu masauzande adathamangira kuzipatala akubanika ndipo 10 adamwalira.

Dziko la South Africa lidachitapo kanthu. Kuyambira 2019, akatswiri motsogozedwa ndi sukulu yaukachenjede ya Cape Town amayeza mungu m'mizinda monga Johannesburg, Durban ndi Bloemfontein, n'kumalengeza zotsatira sabata iliyonse. Makina awo amayamwa malita 10 a mpweya pamphindi, ndipo mungu umakakamira pa tepi yomata yomwe amaiunika ndi maikulosikopu.

Kuno kwathu, nthambi yoona zanyengo imalengeza za mvula, kutentha ndi mphepo ya Mwera, koma za mungu sizimvekamo. Choncho dokotala wa pachipatala cha mishoni cha Mvera amavutika kusiyanitsa chomwe chadzutsa mphumu: mungu, utsi wa nkhuni m'khitchini, fumbi la m'chilimwe kapena moto wa osaka mbewa. Chilichonse mwa izi chimafuna malangizo akeake.

Dera la Dowa ndi Ntchisi ndi loyenera kuyambirako kafukufuku wotere, poti lili ndi minda ya chimanga, madambo a udzu, mitengo ya bulugamu komanso nkhalango ya Ntchisi. Sukulu za LUANAR ndi KUHeS zili ndi akatswiri a zomera ndi azaumoyo omwe angagwirire limodzi ntchitoyi.

Ena anganene kuti dziko lomwe likulimbana ndi malungo ndi kusowa kwa mankhwala lisataye ndalama pa mungu. Nkhawayi ndi yomveka. Komabe makina ochepa atayeza kwa zaka zingapo, dziko lingakhale ndi kalendala ya mungu. Kalendalayo ingathandize Unduna wa Zaumoyo kutumiza mankhwala opopera a salbutamol m'zipatala nyengo yovuta isanafike, ndiponso wodwala angadziwe miyezi yoyenera kuyenda ndi mankhwala ake m'thumba.