Kagalu kotola musamangopatsa aliyense

Abale anga akumudzi ndi inu a m'tauni, lero za fetereza ndaziika kaye pambali. Tikambe za tiagalu timene timatayidwa m'ngalande za ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa. Ine ndimati kutola kagalu ndi chifundo ndithu, koma ntchito imatha pamene kabayidwa katemera ndipo kapeza khomo loti kazidyapo. Kukapatsa munthu woyamba kunena kuti "ndigawireni" n'kungokasamutsira mavuto.

Mphwanga wa ku Bangwe anatola kena kuseri kwa msika, utitiri thupi lonse, mimba yotupa ndi njoka. Makutu ngati agalu apolisi aja, koma thupi lachikuda. Landilodi wake salola agalu, ndiye anabwera nako kuno. Ndinakasunga milungu 5 m'khola lakale la mbuzi, kutali ndi ana komanso agalu anga, chifukwa galu wotola sudziwa anakumana ndi zotani. Alangizi a ziweto anakapatsa mankhwala a njoka n'kukabaya katemera wa chiwewe. Phala la mgaiwa ndi bonya basi, ubweya unayamba kuwala.

Atatu anakafuna. Woyamba anati azikatsekera m'kabokosi usana wonse kuti kakule kolusa. Ndinakana, galu wotero tsiku lina amadzaluma mwana wa pakhomo pomwepo. Wachiwiri anangoona makutu aja, akuti "kachizungu aka," kakakula azidzagulitsa ana ake m'mbali mwa msewu. Ndinakananso. Osagulidwa aja ndi omwe timawapeza m'ngalande. Wachitatu ndi mayi wina wa ku Machinjiri, nyumba yake ili ndi mpanda. Iwo anayamba ndi kufunsa: "Kodi kanabayidwa? Nanga kamadya chiyani?" Pomwepo ndinadziwa kuti kapeza kwawo. Tinagwirizana kuti kakasinkhuka akakatseketse kuti kasabereke, ndipo mphwanga azikazonda.

Ndikudziwa ena mukuti, "Achimwene, anthu tikulimbana ndi galu wakuda m'makomomu, inu mukulira za galu weniweni?" Njala ndikuidziwa, nanenso nkhokwe yanga siinadzadze. Koma nkhaniyi ndi ya ana athu. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka. Madokotala a ku Gulupu ataona ana ambiri akufa nacho, bungwe la Mission Rabies linabwera mu Blantyre mu 2015 n'kubaya agalu oposa 35,000, ulele. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 aliwonse akabayidwa, matendawa amasiya kufala. Ndiye kagalu kamodzi kosabayidwa kamene mwapereka mwachisawawa, mawa n'kumayendayenda m'timisewu ta ku Chilomoni, katha kuluma mwana wopita kusukulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Inu akumudzi musati izi nza m'tauni. Agalu ambiri amene tili nawo kuno anabwera pa minibasi, m'katoni, kuchokera kwa abale athu omwewa. Akabwera, funsani khadi la katemera musanafunse mtundu. Galu wosakanizika amalondera mbuzi ndi nkhokwe chimodzimodzi ndi wodula uja, ndipo nsima yathu yomweyi imamukwana.

Tsono mukatola kagalu, kasungeni pakokha, kabayitseni, kenako mufufuze wokatenga ngati mmene timafufuzira banja mwana asanakwatiwe. Mukaona kuti simukwanitsa, ku Blantyre kuli a BSPCA, osamalira nyama, kawafunseni nzeru. Ndipo galu akaluma munthu, ngakhale kagalu kakang'ono, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, muthamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Osadikira kuti muone kaye.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene muli ndi agalu, anu anabayidwa liti?