Khansa ya m'mawere si chotupa chokha

Uthenga womwe timamva kawirikawiri ndi wakuti mayi akamva chotupa m'bere athamangire kuchipatala. Ndi uthenga wabwino, koma ine ndikuti ndi woperewera. Pali khansa ina, yotchedwa lobular, yomwe nthawi zambiri sipanga chotupa chomveka ndi zala. Mwa anthu 100 odwala khansa ya m'mawere, pafupifupi 10 mpaka 15 amakhala ndi imeneyi.

Imayambira m'timatumba topanga mkaka. Maselo am'menemo amamatirirana ndi puloteni yotchedwa E-cadherin, ili ngati guluu. Maselo a khansayi alibe guluuyo, ndiye m'malo mounjikana amafalikira mondondozana ngati nyerere.

Apa ndi pomwe fizikisi yathu ikulowa. X-ray, yomwe Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, imaonetsa chinthu pokhapokha chikamatchinga cheza chake mosiyana ndi zomwe zachizungulira. Chotupa chothinana chimasiya mthunzi pa mammogram. Nanga kamzere ka maselo kobalalika m'bere? Mthunzi wake ndi wochepa zedi, moti chithunzi chimatha kuoneka chabwinobwino matenda alimo. N'chifukwa chake madokotala amawonjezera ultrasound, yogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, kapena MRI ya maginito, kenako n'kutapa kanyama kukakaunika pa maikulosikopu.

Pa maikulosikopupo m'pomwe mitundu yake imadziwika. Wofala kwambiri ndi classic, wa maselo ang'onoang'ono a m'mizere, ndipo umakula pang'onopang'ono. Mu solid maselo amayalana ngati mphasa, mu alveolar amakhala m'timagulu, pomwe tubulolobular umasakaniza mizere ndi timachubu. Pleomorphic uli ndi maselo akuluakulu osafanana ndipo umafulumira. Kudziwa mtundu kumathandiza dokotala kusankha chithandizo.

Ena amati kuchulutsa zizindikiro n'kungoopseza anthu. Ine ayi, sindikuvomereza. Choopsa chenicheni ndi mayi kukhala phee kunyumba chifukwa choti sakumva chotupa, pomwe mbali ina ya bere yayamba kulimba, bere lasintha kukula, khungu lanyololoka kapena nsonga yalowa mkati. Chilichonse mwa izi n'chifukwa chokwanira chokaonana ndi dokotala.

Khansayi imagwira kwambiri amayi achikulire, makamaka omwe anasiya kusamba. Amenewo ndi amayi anu, azakhali anu, agogo anu. Nkhani ya mawere ndi yovuta kuiyamba ndi akuluakulu, eti? Yambani nayo ngati phunziro la kusukulu, muwauze zomwe X-ray imalephera kuona.