Golide Wosadziwa Kusambira

Sabata yoyamba ya teremu ino mnzathu wina anabwera ndi wotchi. Sindimutchula dzina, pakuti inu amene mumadya m'kafeteriya mukumudziwa kale: ndi uja waleka kuvala malaya a manja aatali, amene akafuna kuyankha funso m'kalasi amakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono ngati mbendera. Wotchiyo ndi yachikasu, yonenepa, ndipo pankhope pake analembapo kuti itha kutsika mamita 300 pansi pa madzi. Ine kwathu ndi ku Karonga, choncho ndikudziwa kumene anaigula: kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, pa Kasumulu, pamene katundu wa ku Dar es Salaam amafikira. Posamba amaivula. Mvula ikayamba amaibisa m'thumba.

Sindikulemba kuti ndimuseke. Yake ndi yabodza, ndipo bodza lake ndi laling'ono, la mtengo wa nkhuku ziwiri. Mlandu wanga uli ndi yeniyeniyo, ya golide weniweni, imene enafe timaiyang'ana pafoni usiku malovu ali chuchuchu.

Wotchi yolowa nayo pansi pa madzi inabadwa ngati chida, monga khasu kapena nkhafi. Mu 1953 a Blancpain anatulutsa Fifty Fathoms, imene asilikali apamadzi a ku France ankagwiritsa ntchito, ndipo chaka chomwecho a Rolex anapanga Submariner. Zonse zinali zachitsulo. Munthu amene ali pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya kumsana ayenera kudziwa mphindi zimene watha, apo ayi akamira zenizeni. Nchifukwa chake manambala ake amawala mumdima. Nchifukwa chakenso pa mawotchi amasiku ano mkombero uja umazungulira mbali imodzi yokha: ukagunda mwala mwangozi, umanama kuti nthawi yatha yambiri, munthu n'kukwera msanga, m'malo momunyenga kuti akadali ndi mpweya. Nzeru imeneyi ndimaivulira chipewa.

Koma m'zaka za m'ma 1980 kunabwera tizipangizo ta kompyuta tovala pamkono, towerengera kuya, nthawi ndi liwiro loyenera kukwerera, ndipo ambiri olowa m'madzi anatembenukira kumeneko. Chida chikaluza ntchito chimapita kunkhokwe. Ichi ayi. Chinavala golide, chimene chinali chitayamba kale kuchita cha m'ma 1969 pamene Submariner yagolide inatuluka, n'kusamukira ku maofesi ndi ku maukwati. Mu 2024 a Rolex anatulutsa Deepsea ya golide wa makarati 18, yolemera pafupifupi magalamu 320, ya mtengo woposa madola 50,000 a ku America, yotha kutsika mamita 3,900.

Taimani pamenepo, akuluakulu a masamu. Nyanja ya Malawi pamalo pozama zedi, kumpoto kuno, ndi mamita pafupifupi 700, ndipo kupyola mamita 250 madzi ake alibe mpweya, nsomba sizikhalako. Mutasanjikiza nyanja zathu zisanu wotchiyo ikadayendabe. Nanga mwini wake? Osambira ongosangalala sapitirira mamita 40. Munthu amene anatsika kwambiri ndi mabotolo, Ahmed Gabr wa ku Egypt, anafika mamita 332 mu 2014, ndipo pokwera anatenga maola oposa khumi. Pa mamita 3,900 wotchi idzakhala ikuuza nthawi mtembo. Ndipo golide, chitsulo chofewa chimene chimakalika ndi mchenga womwe, cholemera kuposa chitsulo wamba kawiri, akufunanji kumeneko? Ndani angapange khasu lagolide n'kulitcha khasu labwino koposa?

Ine olowa pansi pa madzi ndimawadziwa, ndinakula nawo. Amalume anga ndi asodzi a usipa kufupi ndi Ngara. Wotchi yawo ndi mwezi: ukawala kwambiri usipa sutsata nyali, chilimira amachiyanika. Mwera ukayamba kuwomba sadikira wina awauze. Ukonde ukakodwa pamwala, amalume amavula malaya, amakoka mpweya kamodzi, n'kutsika nawo m'chifuwa mwawo. Ife m'bwato timangoyang'ana madzi, pakuti ukonde umenewo ndiwo fizi yanga. Ku Chilumba kuli miyala ya pansi pa nyanja imene mbuna zake zimadziwika ku Ulaya ndi mayina a malo athu, ndipo anthu akuda ngati ine ndi amene akhala akutsika kukazigwira kuti zikakongoletse magalasi a m'nyumba za eni ndalama. Palibe mmodzi wa iwo amene ndinamuonapo ndi golide pamkono.

Aliponso ena amene anatsika kuposa apa, koma osati m'madzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ambiri mwa iwo akukumba golide. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Mgodi wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville, ukufika pafupifupi makilomita 4 pansi pa nthaka. Onani mmene manambala akukumanirana: wotchi imadzitama ndi mamita 3,900 amene mwini wake sadzawaona, pomwe kuli anthu amene amatsika mtunda womwewo m'mawa uliwonse, ndi matupi awo, kukatenga chitsulo chachikasucho. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza chipukutamisozi cha marandi 5 biliyoni kwa ogwira ntchito m'migodi ya golide amene fumbi la miyala ndi chifuwa chachikulu zinawaononga mapapo. Agogo anga aamuna anapita ku Joni ali mnyamata. Anabwerako ndi bulangete, njinga, ndi chifuwa chimene tinkachimva usiku tili m'nyumba ina. Pamene khoti linkalankhula iwo anali atagona kale.

Ndikudziwa mmene ena mundiyankhire Lachinayi likubwerali. Mudzati ndalama ndi zake, aliyense adye thukuta lake mmene afunira. Chabwino; ine sindinapemphe kuti wina amangidwe. Mudzati golide sachita dzimbiri m'madzi amchere. Zoona, koma chitsulo chimene amapangira mawotchi enawo nachonso sichichita, ndipo chakhala chikutsika m'nyanja zaka 70. Anzathu a zachuma mudzati ndi njira yosungira chuma. Pamenepo ndiye mwandithandiza: ngati ndi banki, itchuleni banki. Mphete yagolide sindikangana nayo, chifukwa simanena kuti ndi chida. Chimene chimandinyansa ndi kuba ulemu. Wotchi iyi imatenga kulimba mtima kwa munthu amene amatsika, n'kukakugulitsa kwa munthu amene sananyowepo ndi mawondo omwe. Wogulayo amagula mbiri ya ntchito yoopsa popanda kuigwira.

Ndipo ife, ophunzira, amene tikuti tikukonzekera kutsogolera dziko, tikuphunzira phunziro lomwelo mofulumira kuposa la m'mabuku. Timafuna chizindikiro cha kuya popanda kutsika. Tionane bwino: ndi angati mwa ife amanyamula mabuku onenepa amene sanawatsegule, n'kumatchula mayina a akatswiri amene sanawawerenge? Ndi angati, tikadzapata ntchito m'boma, tidzalemba malipoti a usodzi wa ku Karonga tili ku Capital Hill, osadziwa kununkha kwa usipa wapathandala? Mnzathu wa wotchi yachikasu uja wangoyamba msanga. Ine ndemwe, ndisaname, chithunzi cha Deepsea ndinachisunga m'foni mwezi wathunthu.

Patchuthi ndinawaonetsa amalume chithunzicho tili pagombe, iwo akusoka ukonde. Ndinawauza mtengo wake m'makwacha, sanayankhe. Ndinawauza za mamita 3,900, anangoyang'ana kunyanja. Kenaka anandifunsa kulemera kwake. Nditawauza, anayesa m'dzanja mwala umodzi wa ija amamangirira kunsi kwa ukonde.

“Mphwanga,” anatero, “zitakhala makumi awiri zingamize bwino chilimira.”